Agogo Osoka Nsapato ndi Dzina Langa

"Kodi iwe ukhalitsa kuno?" anandifunsa ndi manja agogo osamva amene amasoka nsapato pa siteji ya basi ku Mokpo. Agogowa amapatsa anzawo mayina achidule oyankhula ndi manja: wina kugwira chibwano, wina kukanda nsidze. Koma langali, Seong-min, amalilemba m'malere ndi zala, chilembo ndi chilembo, ngakhale zalazo zimatupa kukazizira.

Tsiku lina ndinadandaula ndi manja anga ophunzira kumenewa. "Agogo, inenso ndipatseniko lachidule. Mukuzunza zala."

Anaseka. "Mwana iwe, maso ako amangotsata basi ya ku Seoul. Wapaulendo sindimupatsa dzina. Ukapita ndiziitana ndani?"

Tikiti ya ku Seoul ndinali nditagula kale, koma ndinakaibweza. Ndizikhala pabenchi pawo mpaka dzinalo lituluke.