Atelala ndi Makalata Awiri a ku Khonsolo

Mumsewu wonse palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ana, akuluakulu, ngakhale amuna awo omwe, onse ankangoti Atelala. Nyumba yawo inali yachitatu kuchokera pamphambano, ya masitepe atatu pakhomo, ndipo chipinda chakutsogolo ndicho chinali shopu: makina osokera awiri, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona. Anasoka mmenemo zaka makumi atatu ndi zinayi. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse, wosachedwa kuuza kasitomala kuti, "Mimba yakula iyi, musanamizire thalauza."

Amuna awo anali dalaivala wa basi. Chuma analibe, koma anali ndi chinthu chimodzi chonyadira: zaka makumi atatu ali pachiwongolero, osalembedwapo tikiti ya mlandu wa pamsewu ngakhale imodzi. Nkhani imeneyi ankaifotokozera aliyense, ngakhale munthu wongobwera kudzafupikitsa malaya.

"Inu bambo," Atelala ankatero, singano ili pakamwa, "akanakulemberani kamodzi kokha, bwenzi makutu athu atapumako."

Atapuma pantchito, bamboyo anagula kagalimoto kakale kobiriwira, kamene ankakapukuta ngati mwana wakhanda. Chaka chachiwiri, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, anangogwera kumbali. Inali sitiroko. Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ali pachikuku, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patangotsala mawu owerengeka.

Atelala sanakhale manja lende. Adokotala anati wodwalayo azipita kukawongola ziwalo kawiri pa mlungu, ndiye mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anakalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto. Mayeso analephera kawiri, kachitatu anakhoza. Amuna awo ankakhala pampando wakumbali atagwira chitseko, ndipo mwa mawu ochepa amene anawatsalira, limodzi linkatuluka losalala bwino: "Giya!"

Vuto linatsala la masitepe. Kunyamula munthu wamkulu kukwera ndi kutsika kunkathyola msana. Alamu awo, mng'ono wa bamboyo, anali mmisiri womanga nyumba. Anabwera Loweruka lina ndi simenti ndi njerwa, nkumanga chotsetsereka kuchokera pakhomo kulunjika kumsewu.

"Nanga chilolezo, alamu?" Atelala anafunsa.

"Pakhomo panu pomwe mukapemphe chilolezo? A khonsolo ali ndi ntchito zawo, sangaone zimenezi."

Mawuwo anawakomera m'khutu, anangowasiya.

Panapita miyezi inayi kuli zii. Kenako mlungu umodzi unabweretsa makalata awiri. Lachiwiri, atatuluka kowongola ziwalo, anapeza kapepala katapanidwa ndi waipa pagalasi: galimoto yaimikidwa pamalo oletsedwa, mulipire chindapusa. Atelala anafuna kukaponya m'chikwama msanga, koma amuna awo anali atakaona kale. Anatambasula dzanja lakumanzere. Anawerenga pang'onopang'ono, analoza nambala ya galimoto papepalapo, kenako anadziloza pachifuwa. Galimotoyo inalembetsedwa m'dzina la bamboyo. Njira yonse yobwerera sananene "giya" ngakhale kamodzi, ndipo tsiku limenelo chakudya anakana.

Lachisanu kunabwera bambo wina wa ku khonsolo, woyendera nyumba, atavala chipewa chachikulu. Anapereka moni mwaulemu, anatulutsa tepi yake yachitsulo, anayeza chotsetsereka chija, nkusiya kalata. Inati chalowa m'njira ya anthu oyenda pansi, chinamangidwa popanda chilolezo, ndipo chigumulidwe pasanathe masiku makumi awiri ndi limodzi.

Malangizo sanasowe. Mwana wawo wamkazi, namwino wa kutali, anati pafoni, "Amayi, tikitiyo ingolipirani, musadzivutitse."

"Kulipira nkuvomera," anayankha. "Abambo ako akana kudya chifukwa cha pepala limeneli, iwe ukuti ndivomere?"

Alamu anabwera ndi nzeru zawonso. Anatsitsa mawu, "Wachipewa uja ndi munthu, ali ndi mimba. Mukangomupatsa kangachepe, kalatayo isowa yokha."

"Alamu, nzeru zanu ndi zimene zatifikitsa pano. Lero mupumeko."

Lolemba Atelala anatseka shopu, anapempha mayi woyandikana nawo kuti akhale ndi wodwala, ulendo wa ku khonsolo. Pawindo loyamba anawatumiza pachitatu, pachitatu anawatumiza pachiwiri. Pachiwiri anaika chikwama pansi, kusonyeza kuti afika.

"Ndikufuna lamulo limene ndalakwira. Osati kundifotokozera ayi, ndilione ndi maso."

Kalaliki anawayang'ana modabwa. "Mayi, palibe amene amafunsa zimenezo pano."

"Ndiye ndine woyamba, simudzandiiwala."

Anatuluka ndi masamba anayi. Kunyumba anawayala patebulo lodulirapo nsalu, anavala magalasi, nkuyamba kuwerenga akudula mizere ndi pensulo. Anapezamo zinthu zimene kalaliki sanawauze: kuti munthu ali ndi masiku khumi ndi anayi okadandaula, ndiponso kuti dandaulo likalowa, palibe wogumula kanthu mpaka nkhani itamvedwa. Mafomu anakasiya m'mawa mwake, ndipo sanachoke pawindo mpaka kalaliki atadinda pepala lawo lotsala nalo.

Kenako anatuluka panja ndi tepi yawo. Anayeza chotsetserekacho kawiri, monga ankachitira ndi nsalu yodula. Chinalowadi m'njira ya anthu ndi masentimita makumi anayi ndi asanu. Lamulo linanenanso za kutsetsereka kwake, ndipo cha alamu chinali chotsika kwambiri. Apo anakumbukira mmene chikuku chinkawakokera potsika, mpaka tsiku lina la mvula anatsala pang'ono kuchitaya m'manja. Anakhala pansi pakhonde, nkhope ili gwa. Wachipewa uja sananame.

Za tikiti zinali zina. Anabwerera kumsewu wa kuchipatala, anaimika galimoto patali, nkuyenda wapansi kufuna chikwangwani choletsa kuimika. Anachipeza, koma atachita kuwerama: chinali mkati mwa nthambi za mtengo, masamba atachikuta. Mzere wachikasu wa m'mbali mwa msewu unali utafufutika, kwatsala timadontho pansi pa mchenga. Anajambula ndi foni, ataimirira pamene woyendetsa galimoto angaonere. Mayi wina wogulitsa zipatso pamenepo anawaona.

"Nanunso anakugwirani? Pano tsiku lililonse amagwira atatu anayi."

"Mungalembe zimenezo papepala, achemwali?"

Mayiyo anazengereza, koma Atelala atamuuza za amuna awo, analemba mizere itatu nkusaina.

Tsiku lomva dandaulo anawaveka amuna awo jekete yabwino ndi tayi. Atafika ku khonsolo anauzidwa kuti chipinda chake chili pamwamba, ndipo chikepe chinali ndi pepala loti chawonongeka.

"Bambowa adikire pansi pano, inu kwerani," anatero mlonda.

"Galimoto ndi yawo, nyumba ndi yawo, mlandu ndi wawo. Kawauzeni akuluakuluwo kuti eni mlandu afika, ali pansi pa masitepe."

Mlonda anakwera akung'ung'udza. Patapita kanthawi kunatsika mayi wa imvi atanyamula mafayilo, amene ankamva madandaulo. Pambuyo pake panali wachipewa uja ndi bambo wina wowonda, wolemba matikiti. Anabwereka tebulo la mlonda, nkhani nkuyambira pomwepo pakhonde, anthu a pamizere akusuzumira.

"Pepani takutsitsani," anatero Atelala. "Kungoti mlandu wathu ndi wa masitepe omwewa."

Mayi wa imvi sanaseke, koma mlomo unagwedera pang'ono. "Tiyambe ndi tikiti."

Wolemba matikiti anafotokoza molimba mtima kuti pamalopo pali chikwangwani, ndipo chakhalapo zaka zambiri. Atelala sanamudule mawu. Atamaliza, anayala zithunzi zitatu patebulo ndi kalata ya wogulitsa zipatso.

"Ndilozereni chikwangwanicho," anatero mayi wa imvi.

Wolemba matikiti uja anatenga chithunzi, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. "Ine ndimadziwa pamene chili."

"Inu mumadziwa. Nanga mayi awa akanadziwa bwanji?"

Chidindo chinagwa papepala: tikiti yafafanizidwa, ndipo mtengowo ukasadzidwe. Atelala anatenga pepalalo nkuliika pamiyendo pa amuna awo. Bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja lakumanzere, anapinda chala chachikulu ndi chamkombaphala kupanga bwalo, nkunena momveka bwino kuti, "Ziro." Atelala anatembenukira kukhoma, anachita ngati akufuna china m'chikwama.

"Tsopano za chomanga chija," anatero mayi wa imvi.

"Apo ndine wolakwa, sindikutayitsani nthawi. Ndayeza ndekha, bambo awa anena zoona. Koma mukagumula lero, amuna angawa akhala mkaidi m'nyumba mwawo. Ndabwera ndi ichi."

Anatambasula pepala lalikulu lakhaki, lomwe ankadulira mapatani a madiresi. Anajambulapo kutsogolo kwa nyumba yawo, miyezo yonse italembedwa. Chotsetsereka chatsopano sichinkalunjika kumsewu. Chinkatuluka pakhomo, nkukhota, nkutsika pang'onopang'ono motsata khoma, chili ndi chitsulo chogwirira m'mbali. Wachipewa anavula chipewa chake, anawerama, anayendetsa chala papepalapo.

"Wajambula ndani?"

"Wadiresi."

"Zili bwino, koma pokhotera apa pachepa. Chikuku sichingatembenuke. Muwonjezere chonchi." Anabwereka pensulo yawo nkukonza yekha.

Mayi wa imvi anagamula kuti awapatsa masiku makumi asanu ndi limodzi, chakale chikhalepo mpaka chatsopano chitatha, ndipo chilolezo achitenge tsiku lomwelo. Koma chindapusa chomangira popanda chilolezo anati chilipiridwe ndithu. Atelala anatsegula pakamwa kuti ayambe ina.

"Mayi," anawadula wa imviyo, "umodzi mwapambana. Winawu vomerani."

Anavomera. Pobwerera amuna awo anakuwa "giya" katatu, ndipo kachitatuko giya inali yolondola kale.

Alamu anamanganso, akudandaula kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuti mmisiri wa zaka makumi awiri akuphunzitsidwa ntchito ndi pepala la diresi. Atelala ankangowathirira tiyi, nkubwera pambuyo ndi tepi. Maluwa amene Atelala anawabzala m'mbali mwa khoma ali mtsikana anazulidwa onse, ndipo chitsulo chogwirira chinadutsa pakati pa windo la shopu, nkuphimba theka la madiresi oonetsa. Zinawawawa, koma sananene kwa munthu. Chitsulo chomwecho ndicho chinadzathandiza amuna awo kuimirira. Pofika chaka chotsatira ankatsika okha, dzanja limodzi pachitsulo, mwendo wakufawo akuukoka, mpaka kukafika m'mbali mwa msewu kukaonera magalimoto odutsa ndi kupukusa mutu akaona woyendetsa mosasamala. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Mlandu utangotha, Atelala anakasintha galimoto kuti ikhale m'dzina la iwo eni, osati la amuna awo. Anachita bwino, chifukwa patangopita miyezi itatu anaimika pamalo okwerera basi, poganiza kuti kugula ulusi nkwa kamphindi. Chikwangwani chinali poyera, chachikulu ngati chitseko. Atafika kunyumba anaika tikitiyo patebulo pamaso pa amuna awo.

"Iyi ndi yanga. Musaiyang'ane ndi diso limenelo."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kwawo koyamba chidwalireni. Atelala anakalipira tsiku lomwelo, opanda mawu.

Mbiri inawanda mumsewu monse kuti Atelala anatsitsa a khonsolo pamasitepe. Anthu anayamba kubwera ndi makalata awo: wina mpanda watalika, wina wamanga khitchini kuseri osapempha, wina galimoto yake anaikoka. Atelala sankalipiritsa, komanso sankasiya kusoka. Ankati munthu awerenge yekha kalata yake mokweza, iwo akupalasa makina, ndipo funso lawo loyamba linali limodzi nthawi zonse: "Anakupatsani tsiku liti?" Ambiri ankabwera masiku odandaulira atatha, kalata itagona m'thumba la jekete. Amenewo ankawakalipira kaye asanawathandize. Ena ankawatumiza kukajambula zithunzi, ena kukapempha nthawi, ndipo ena ankachoka atakwiya.

Mmodzi wa okwiyawo anali bambo wogulitsa matayala pamphambano. Anabwera masana ena akutuluka thukuta, kalata ili m'manja. A khonsolo ankati mulu wa matayala akale watseka njira ya anthu, ndipo mukuswana udzudzu.

"Atelala, mundilembere kalata yamphamvu, ngati yanu ija. Tikanene kuti matayalawo si anga."

"Ndi a ndani?"

"Aa, anthu amangotaya."

"Achimwene, ndimadutsa pamenepo tsiku lililonse. Pa tayala lapamwamba munalembapo ndi penti yoyera dzina la shopu yanu."

Bamboyo anakanda m'mutu. "Tingalitembenuze."

Atelala anaimitsa makina, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Kapezeni lole, muchotse matayalawo, musese, mujambule. Mukatero bwerani, tilembe kalata yoti mwakonza, tipemphe kuti chindapusa achichotse. Imeneyo ndilemba ndi manja awiri."

Anatuluka akulankhula yekha, chitseko anachimenyetsa. Kwa mlungu wathunthu sanawapatse moni. Tsiku lachisanu ndi chitatu, Atelala akutsegula shopu, anamva lole ikubwerera chambuyo pamphambano, ndi mawu a bamboyo akukalipira onyamula kuti afulumire. Masana ake anabwera ndi zithunzi mufoni, anakhala pabenchi ya makasitomala, nkufunsa ngati kalatayo aiyambe ndi moni kapena angolowa m'nkhani.