Pegi m'Buku la Amalume

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Kanyama. Anthu onse a mumzere mwathu ankawatchula ba Ticha. Ndinapita kukakhala nawo chaka chimene ndinasiya sukulu, ndili giledi eyiti, amayi ku Chawama atatopa ndi milandu yanga ya ndewu. Ine mkwiyo umandiyambira m'makutu. Amatentha kaye, kenako manja amapita okha.

Nyumba inali ya lendi, zipinda ziwiri. Akazi awo anamwalira kalekale osasiya mwana, ndipo amalume sanakwatirenso. Ntchito zonse za pakhomo ankagwira okha. Asanapite kusukulu ankasesa, n'kupaka polishi wofiira pakhonde, n'kukaima pamzere wa pampopi pakati pa azimayi atanyamula zigubu ziwiri. Madzulo ankabwera mawu atasasa, choko chili mbuu m'tsitsi, n'kukhala pansi kuchonga makope a ana mpaka dzuwa kulowa. Mabuku awo owerenga ankawasunga pathabwa limene anakhomera m'mwamba pafupi ndi malata, chifukwa ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa mopempha.

Loweruka linali tsiku lochapa. Amuna a pa bala la kutsidya kwa ngalande ankayamba kumwa m'mawa, ndipo akaona amalume atawerama pabafa ankakuwa.

"Ba Ticha, chitenje mwaiwala kuti? Kwatilani chabe, mudala, muzatha manja!"

Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinatola mwala. Amalume sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe, bweza mwala uyo pamene wautenga. Bwela kuno. Manja anga ali ni sopo, nitembenuzile pepala."

Apo m'pamene ndinaona kuti pawindo anaimikapo buku, atalipana ndi mapegi awiri a zovala kuti mphepo isalitseke. Ankachapa maso ali pabuku. Akafika pansi pa tsamba ankadikira kuti manja aume, kapena ankatembenuza ndi chigongono, n'chifukwa chake mabuku awo onse anali ndi madontho a sopo m'makona. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yotembenuza inakhala yanga.

Mabukuwo ankawagula kwa anyamata oyala pansi m'tauni, akale, ochokera kunja ngati zovala zakale za salaula. Onse anali a Chingelezi, ndipo onse ankanena za nthawi yamakedzana kumaiko ozizira: mafumu okhala m'malinga a miyala, asilikali ovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zinjoka zamapiko zolavula moto, mfiti zokhala m'nsanja. Amalume ankawerenga chamumtima, kenako n'kundimasulira m'Chinyanja, uku akutikita kolala ya shati.

"Manje linga ili analizungulitsa ngalande ya madzi. Monga yathu ino, koma beve anakumba dala."

"Nanga munthu wavala vitsulo thupi lonse, akafuna kutaya madzi achita bwanji?"

Anaseka mpaka anakhala pachigubu. "Zaka zonse izi niphunzitsa, palibe mwana ananifunsapo funso la nzelu monga ilo. Buku silikamba. Tembenuza."

Sanandiuzepo kuti ndibwerere kusukulu. Masiku a ntchito ndinkakankha wilibala kumsika waukulu wa m'tauni, kunyamula matumba a anyezi ndi mbatata. Anzanga ankadikira Loweruka chifukwa cha mpira ndi mowa. Ine ndinkanama kuti amalume andipatsa ntchito, koma ndinkathamangira kukamva ngati mzinda wozingidwa wa m'buku uja wagwa.

Buku lomaliza linali lobiriwira, lonenepa ngati njerwa. Linkanena za msilikali amene analumbira pamaso pa mfumu yake ikumwalira kuti adzaperekeza kamwana ka mfumuyo kutsidya kwa mapiri, ndipo sadzasolola lupanga mpaka atafika. Panjira anthu ankamutukwana, kumulavulira, kumubera chakudya. Iye lupanga lili m'chiuno, osaligwira.

"Amalume, uyu ni chitsilu. Nikanakhala ine, uja anamulavulila pa mlatho sembe alibe mano."

"Nidziwa. Tembenuza."

"Koma azasolola, ai? Kumapeto azasolola?"

"Nanga ine nalemba ndine? Nanenso niyamba kuliwelenga manje. Tizaona pamodzi."

Tikamaliza kuchapa ankachotsa pegi imodzi, inayo n'kuisiya itapana tsamba limene talekezera.

Tinali titadutsa theka la bukulo pamene anagwa m'kalasi, choko chili m'manja. Anatuluka m'chipatala pakamwa patapotoka, dzanja lamanja ndi mwendo zitafa. Bafa linakhala langa, pamodzi ndi tsache, polishi ndi mzere wa pampopi. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwatulutsa pakhonde kuti awothe dzuwa. Ndinkasita mashati awo ndi ayironi ya makala ngakhale kuti sankapitanso kulikonse, chifukwa akaona kolala yokwinyika ankatseka maso ngati awawidwa.

Loweruka lina ndikuyanika zofunda zawo, mmodzi wa amuna a pa bala uja anakuwa kuti, "Ba Ticha apeza mkazi manje!" Ndinalumpha ngalande. Anandichotsa pa iye anthu anayi. Nditabwerera, amalume anali akundiyang'ana pampando pawo, malovu akutsika kumbali yakufayo. Anandikodola ndi dzanja lamoyo. Mawu ankatuluka movutika, limodzilimodzi.

"Pa malilo anga... usamenye munthu."

"Simuzafa, amalume."

"Lonjeza."

Ndinalonjeza.

Kuyambira pamenepo wowerenga ndinakhala ine. Chingelezi changa ndi cha kumsika, cha kuwerengera matumba. Ndinkayenda ndi chala pansi pa mawu, kugwa, kudzuka, kugwanso. Ndikalakwitsa ankagogoda pampando. Ndikafika pa liwu losadziwa ankayesa kundionetsa ndi dzanja: kavalo, chishango, chipale chikugwa. Tsamba limodzi linkatitengera m'mawa wonse. Nthawi zina ndinkaponya bukulo pabedi n'kutuluka panja makutu akutentha, ndipo ndikabwerera ndinkapeza alikoka ndi dzanja limodzi, alibwezera pegi pamalo pake.

Anamwalira nyengo yozizira, m'mawa, ine ndili pamzere wa pampopi. Ndinabwera ndi zigubu ziwiri zodzaza, ndinazitula pakhonde, ndinawauza kuti madzi lero avuta. Sanagogode pampando.

Abale anabwera kuchokera ku Katete ndi ku Petauke, ena ku Matero. Titaika maliro linafika tsiku logawa katundu. Kwathu katundu yense wa womwalira amatulutsidwa panja n'kuyalidwa pamphasa, aliyense akuona. Wogawa ndi mkulu wa banja. Munthu sasankha, sapempha, ndipo sabisa kanthu. M'mawa wa tsikulo ndinali nditagwira buku lobiriwira lija m'chipinda, ndikuyesa ngati lingakwane mkati mwa jekete. Amayi anandipeza.

"Chinthu cha wakufa sabisa, mwana wanga. Udzatiitanira zoipa. Tulutsa."

Ndinatsitsa mabuku onse pathabwa ndi manja anga, ndinawasanja pamphasa, lobiriwira pamwamba, pegi ikuonekera m'mbali.

Wogawa anali agogo ena aamuna a ku Katete, mng'ono wawo wa agogo anga. Masuti anapita kwa amuna akuluakulu, nsapato kwa amene zinamukwana, bedi kwa amayi. Atafika pa mabuku analoza ndi ndodo mwana wa amayi aang'ono a ku Matero, amene anali pa koleji.

"Mabuku apite kwa wophunzira. Dzina la aphunzitsi lisafe."

Ndinkadziwa kuti sapempha. Ndinagwada.

"Agogo, limodzi chabe. Lobiliwila ilo. Tenze tisanatsilize."

Kenako amayi aang'ono anaseka.

"Iwe wa wilibala? Uzachita nalo chani, uzakhalilapo? Sukulu inakukana, manje ufuna buku ya munthu wakufa?"

Ena anaseka nawo. Mwana wawo anali atayamba kale kulongedza mabukuwo m'katoni, osayang'ana n'chikuto chomwe, foni ili kukhutu. Makutu anga anatentha mpaka ndinasiya kumva. Ndinkaona pakamwa pake pokha, ndi pamene chibakera chikanagwera. Ndinabwerera pamalo panga, ndinaika manja onse awiri pansi pa ntchafu, ndinawakhalira. Ndinakhala choncho mpaka katoni inalowa m'galimoto.

Ine anandipatsa bafa, ayironi ya makala, burashi ya polishi ndi thumba la mapegi. Agogo anati, "Ndiwe unkawasamala, izi ndiye ukuzidziwa."

Mwini nyumba anaikamo anthu ena mwezi womwewo, ine ndinabwerera kwa amayi ku Chawama. Ndinadikira kuti za maliro zizizire, kenako ndinavala shati yoyera, ndinakwera minibasi ya ku Matero. Njira yonse ndinkaloweza mawu aulemu, kuti ndikungobwereka, ndidzabweza.

Amayi aang'ono anandilandirira pakhomo.

"Mabuku aja? Yenze yabweletsa mphemvu m'nyumba. Mwana wanga akuti ni vanthano chabe, palibe vamayeso. Tinapatsa amai ena ogulitsa chipisi pa Lilanda, pafupi na poimila mabasi."

Ndinatsika masitepe awo chambuyo, manja ali m'thumba.

Mayiyo ndinamupeza pansi pa ambulera, akutembenuza mbatata m'chiwaya chachikulu. Katoni ija inali pansi pa tebulo, itatsala pang'ono kutha. Zikuto zopanda kanthu zinali mulu pafupi ndi mbaula, zoyatsira moto. Patebulo, pambali pa mchere ndi tsabola, panali buku lobiriwira litagona chafufumimba. Chikuto chakumbuyo chinali chitachoka. Ndikuyang'ana choncho, anang'amba masamba awiri, anawapinda ngati fanulo, anathiramo chipisi, n'kupatsa kamtsikana ka yunifolomu.

"Amai, mung'amba kuyambila kumbuyo?"

"Kumbuyo ndiye kofewa, mwana wanga. Kutsogolo kuli chikuto cholimba. Mufuna ya zingati?"

"Iyo buku ni ya amalume anga. Anamwalila."

Anaika chipande pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana bukulo, anapukuta manja pachitenje.

"Mayo. Sininadziwe ine. Ananiuza ati ni vinyalala." Analinyamula ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo. "Tengani. Aka kapegi nenze nikasiya, nenze niganiza pali chifukwa. Mukapeza manyuzi akale munibweletseleko."

Pegi inali pamalo pake. Kumbuyo kwake kunatsala timasamba towerengeka, tonona mafuta m'mphepete. Zonse zimene amalume anandimasulira kale zinalipo. Zimene tinali tisanafike zinali zitapita m'manja mwa ana a sukulu ndi makondakitala. Ndinayenda m'mbali mwa msewu ndikutola mapepala a mafuta m'ngalande, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinapeza atatu. Awiri anali a buku lina, lachitatu inki inali itasungunuka.

Manyuzi ndinakampatsa mayi uja sabata yotsatira.

Masiku ano Loweruka ndimachapa zovala za amayi ndi zanga m'bafa lija. Anyamata a ku Chawama nawonso ali ndi pakamwa, ndipo si nthawi zonse pamene ndimawasiya. Bukulo ndimaliimika pawindo ndi mapegi awiri, ndimapukuta dzanja pathalauza ndisanatembenuze. Timasamba totsala tija tinanditengera dzinja lonse, popanda wogogoda pampando. Mawu ena ndinafunsa ana a sukulu a pafupi, ena ndinangowadumpha.

Msilikali uja ndi kamwana ka mfumu afika pamtsinje waukulu. Kutsidya kukuoneka utsi wa anthu amene akhala akuwasaka. Kamwanako kakuti kali ndi njala. Iye watsika kuti aone phazi la kavalo, limene layamba kutsimphina. Chiganizo chomaliza chimathera pakati, pansi pa tsamba, pomwe pali chidindo cha chala cha mafuta cha mayi wa chipisi.

Ndinafunsapo anyamata oyala mabuku m'tauni. Amandifunsa dzina la bukulo, ndimawauza, amapukusa mutu n'kundionetsa ena a zinjoka. Nditafika kumapeto kwa timasamba totsala tija ndinapana pegi patsamba lomalizalo, ndinakhuthula madzi a sopo m'ngalande. Loweruka lotsatira ndinaichotsa, ndinaibwezera pamene amalume anaisiya.