Tsiku Lomwe a Gondwe Sanadutse

Ndikukumbukira bwino mdadada wa nyumba zathu ku Ndirande, kumtunda kwa mtsinje wa Nasolo, kumene makomo ankayang'anizana moti mnzako akamakazinga bonya, ndiwo zakonso zinkamveka bonya. M'nyumba mwathu munalibe wotchi. Wailesi inalipo, koma mabatire ake ankatha msanga, ndipo mayi ankawayanika padenga kuti dzuwa liwabwezere mphamvu, nzeru imene mpaka lero sindidziwa ngati inkagwiradi ntchito. Foni masiku amenewo inali ya mabwana. Bambo ankagwira ntchito pafakitale ina ku Makata ndipo ankanyamuka ife tili m'tulo. Ndiye ife otsala pakhomo, nthawi tinkaidziwira kwa a Gondwe.

A Gondwe anali bambo wa ku Rumphi, wamtali, wogwira ntchito m'maofesi a boma m'tauni. Nyumba yawo ya njerwa zootcha inali kumapeto kwa mdadada, chakumtunda, ndipo njira yawo yopita kusiteji ya minibasi inkadutsa pakhomo pa aliyense wa ife. Nsapato zawo zinali zakuda, zopolishidwa mpaka kudzionerapo nkhope, ndipo kuzidendene anakhomako tizitsulo. M'mawa uliwonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, tinkamva kho, kho, kho pamiyala, kenako kakutsokomola kamodzi pampanda wathu, kenako moni wawo wa Chitumbuka, «Monire mose,» umene mayi, Msena wa ku Nsanje, ankauyankha m'Chinyanja osaphonya tsiku. Nthawi yake inali yomweyomweyo, kaya kugwe mvula kaya kuchite chiperoni. Amayi a mumdadada wonse anali ndi lamulo limodzi: a Gondwe akamadutsa, mwana akhale atasamba, atavala, ndipo atsatire m'mapazi mwawo. Ukatero unkafika kusukulu limu isanalire, chitsulo cha tayala la galimoto chimene anachimangirira mumtengo wa mango kuti chikhale belu lathu. A Gondwe eni akewo sankadziwa kanthu. Ankangoyenda ulendo wawo, chikwama chili m'khwapa.

Pankhani yosunga nthawi, ine musandiyerekeze ndi munthu. Ndikunena mosadzichepetsa, chifukwa palibe chodzichepetsera. Anzanga ena ankapatuka panjira n'kukalowa m'mavidiyo shoo a kumsika, yunifolomu atabisa m'jumbo, ndipo madzulo ankabwerera kunyumba akuyasamula ngati anthu otopa ndi masamu. Ena ankajomba Lachisanu lililonse ngati kuti linali tsiku lawo lachikumbutso. Ine ayi. Ngakhale chimfine chitandigwira, ndinkapita ndi kansalu kopukutira mphuno.

Chifukwa chake sichinali chiyero. Anali maso. M'kalasi mwathu, Sitandade 7, tinali ochuluka moti wochedwa ankakhala pakhomo, miyendo ili panja. Madesiki anali a Sitandade 8, ife tinkakhala pansi, aliyense pakasaka kake, ndipo malo ankapeza ndi amene wafika. Ine ndikakhala kumbuyo, bolodi linkaoneka ngati phiri la Ndirande tsiku la nkhungu: ndinkadziwa kuti lilipo, koma zolembedwa ayi. Sindinadandaulepo kwa munthu, chifukwa ndinkaganiza kuti bolodi limaoneka choncho kwa aliyense, ndipo n'chifukwa chake akumbuyo ankalephera. Ndiye ndinali ndi malo anga, pansi pa bolodi penipeni, pamene simenti inang'ambika mofanana ndi phazi la nkhuku. Ndinkaweruka tsitsi lili mbuu ndi fumbi la choko, koma zonse ndinkaziona.

Panalinso nkhani ya achemwali anga a Rozina. Iwo sukulu ankaitenga ngati msika, kupita akafuna. Atabwereza kalasi kachiwiri, bambo anawatumiza kumudzi kwa azakhali ku Nsanje kuti akathandize kumunda. Sipanapite nthawi tinamva kuti akwatiwa, ndipo atabwera kudzationa anali ndi mwana kumsana, iwo eni akadali mwana. Bambo sanali munthu wankhanza, koma nyumba inali yaing'ono ndipo mawu awo sankabwerera. Chaka chimenecho anandiuza maso ndi maso: «Filomena, tauni si malo osungira munthu wobwereza kalasi. Ukalephera, basi ya ku Nsanje ukuidziwa.» Ndinkaidziwadi, ndipo ndinkaiopa kuposa chikwapu chilichonse.

Mayeso otsiriza chaka anali kuyamba Lolemba, ndipo mayeso athu sankabwera pamapepala osindikiza. Aphunzitsi ankalemba mafunso pabolodi, likadzaza n'kufufuta, n'kulemba ena. Kwa ine kukhala kutsogolo tsiku limenelo ndiye kunali kukhoza, kukhala kumbuyo kunali ku Nsanje.

Loweruka lake kunali phwando kwa a Gondwe. Anali atapuma pantchito. Mayi anakathandiza kuphika mpunga, ife ana tinadya mapazi a nkhuku mpaka milomo kunyezimira. Anzawo a kuofesi analankhula Chizungu chambiri, ndipo anawapatsa mphatso ya wotchi yaikulu ya pakhoma. Tonse tinaomba m'manja, amayi analuluta. Mdadada wonse unalipo, akulu ndi ana omwe, anthu anzeru zawo, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anaganiza kuti munthu akapuma pantchito, ndiye kuti Lolemba sapita kuntchito.

Lolembalo kunacha ndi mitambo, mvula itagwa usiku. Dzuwa silinaoneke, ndipo wailesi inali chete chifukwa mabatire sanaone dzuwa masiku angapo. Ine ndinasamba, ndinavala, ndinasongola mapensulo awiri ndi lezala la bambo, n'kuima pakhomo kasaka kanga kali m'manja. Mayi anati, «Khala pansi umwe tiyi mwanawe, a Gondwe sanadutse, kudakali m'mawa.» Ndinamwa tiyi. Ana a m'nyumba zina anatulukanso ali m'yunifolomu, ndipo poona kuti nthawi ilipo, anayamba kusewera fulaye pabwalo. Mtima wanga sunakhazikike. Amayi ena anali akubwerera kale kuchokera kumpopi ulendo wachiwiri, ndipo makondakitala kusiteji, amene m'mawa ankakuwa ngati pali moto, ankaitana mwaulesi. Ndinawauza mayi, koma iwo anayankha kuti mitambo imanamiza, a Gondwe sanama.

Kenako a Gondwe anatulukiradi, osati ndi kho, kho, kho, koma ndi phatha, phatha. Anali m'masilipasi ndi kabudula wofika m'mawondo, m'manja muli kakhasu ka m'maluwa. Ndinali ndisanaonepo miyendo ya a Gondwe, ndipo sindinkaganiza kuti ali nayo ngati anthu ena. Anaima n'kutiyang'ana tonse.

«Kodi ana inu lero kulibe sukulu?»

«Tikudikira inuyo mudutse, bambo,» mayi anayankha mwaulemu, akupukuta manja kuchitenje.

«Ndidutse ndizipita kuti, mama? Si munadya mpunga wanga Loweruka?»

Anayang'ana wotchi yawo ya pamkono, anatiyang'ananso, ndipo nkhope yawo inasintha. Mayi anagwira pamutu n'kufuula m'Chisena mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mdadada wonse wa ana unaliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Za ulendowo ndikukumbukira matope ofiira akundithimbirira m'miyendo, fungo la makala onyowa pamsika, ndi madzi a Nasolo amene anali atakwera mpaka miyala yowolokerapo inkangooneka misana. Ndinawoloka nsapato zili m'manja. Pageti la sukulu tinapeza aphunzitsi a dyute ali ndi kandodo kawo, ndipo atafunsa chifukwa chimene tachedwera tonse pamodzi, kamnyamata kena ka Sitandade 3 kanayankha molimba mtima kuti, «A Gondwe apuma pantchito, sala.» Aphunzitsiwo anafunsa ngati a Gondwewo anali ahedi a sukulu yathu. Tinalandira aliyense chikwapu chake m'manja, kenako anatilola kulowa.

Kalasi inali itadzaza mpaka pakhomo. Munali chete wa mayeso, kumangomveka mapensulo ndi mphuno. Aphunzitsi athu, amene tinkawatchula kuti Madamu Namondwe chifukwa cha mawu awo, anali atalemba kale masamu bolodi lonse. Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana, ndipo ndinangoona nkhungu. Ndinatsinzina diso limodzi, ndinakoka chikope ndi chala monga ndinkachitira, koma manambala sanabwere. Pamenepo ndinachita mantha enieni. Ndinaona basi ya ku Nsanje, ndinaona achemwali ndi mwana kumsana, ndipo misozi inayamba kutsika yokha.

«Filomena! Ukudikira kuti ndibwere ndidzakubereke? Malo ako si awa?»

Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anzanga, ndikuponda uyu n'kupepesa uyo. Paphazi la nkhuku paja panali basiketi ya Madamu, dasitala ali pamwamba pake. Anaichotsa ndi phazi osandiyang'ana n'komwe. Mnzanga wokhala pambali anandinong'oneza kuti anthu awiri anayesa kukhalapo ndipo anathamangitsidwa. Madamu anauza kalasi kuti gawo loyamba afufuta posachedwa, koma choko chawo chinali chitasowa, ndipo anachifunafuna m'basiketi, pazenera, ngakhale m'matumba a juzi, mpaka ine nditamaliza kukopera funso lomaliza. Chinapezeka m'dzanja lawo lomwe.

Titaweruka Madamu anandiitana. Ndinkayembekezera namondwe, koma analankhula motsitsa. «Chaka chonse sunandijombepo, sunachedwepo. Nditaona malo ako alibe munthu, ndinadziwa kuti uli m'njira kapena uli m'chipatala. Akanakhala ena aja, sindikanazindikira n'komwe kuti palibe.» Kenako anati ndikawauze mayi akandipimitse maso, chifukwa iwo anatopa kundiona ndikuyang'ana bolodi ngati ndikufuna kulidya. Mawu oyambawo ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndipo ndimawakhulupirira popanda kukayika. Mwana wopezeka tsiku lililonse akasowa, anthu amamusungira malo. Wojomba akasowa, anthu amangotambasula miyendo.

Koma mayeso anali a sabata yonse, ndipo madzulo ake amayi a mumdadada anali ndi nkhawa ya mawa. Ena anati tizimvera tambala, koma atambala a ku Ndirande ankalira nthawi iliyonse imene akufuna. Ena anati akabwereke mabatire. Ine ndinagona nditavala yunifolomu.

Lachiwiri m'mawa ndinamva kho, kho, kho pamiyala, kenako kakutsokomola pampanda. Ndinatuluka. A Gondwe ankadutsa ali m'suti, tayi pakhosi, nsapato zikuwala, chikwama m'khwapa. «Monire mose,» anatero, osaima, osaseka, ngati kuti dzulo kunalibe. Tinawatsatira. Atafika pasiteji sanakwere minibasi. Anagula nyuzipepala, anaiika m'chikwama chopanda kanthucho, n'kubwerera kwawo pang'onopang'ono. Anachita zimenezi mpaka sukulu itatsekera, ndipo itatsegulira anayambiranso. Mayi Gondwe ankawaseka pampopi kuti boma linawapumitsa koma Ndirande yawalembanso ntchito yopanda malipiro. Mayi anga atapita kukathokoza, n'kunena kuti mwina angotiuzako nthawi ya pawotchi yawo yatsopano ija, a Gondwe anayankha kuti wotchi ya pakhoma ilibe mapazi.

Ndinakhoza mayesowo, ndipo ndinakhoza bwino. Bambo anangobwera ndi buledi wathunthu, ndipo mwezi wotsatira ananditengera okha kukapimitsa maso. Tsiku loyamba kuvala magalasi ndinaima pakhomo n'kuona kuti paphiri la Ndirande pali miyala yosiyanasiyana, si chinthu chimodzi chakuda ayi. Basi ya ku Nsanje ndinadzaikwera ndili wamkulu, ndi tikiti yobwerera.

Lero zinthu zinasintha. Ndimakhala ku Machinjiri, ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo m'nyumba mwanga muli mafoni ochuluka kuposa anthu, iliyonse ndi alamu yake. Ana anga ali ndi luso lozimitsa alamu ali m'tulo, maso osatsegula. Ndikawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, amandifunsa ngati Zengerezuyo anali wa m'kalasi mwathu. Sindinyengerera pankhani imeneyi: kujomba kulibe, kuchedwa kulibe, ndipo adzandithokoza kapena sadzandithokoza, koma malo awo kusukulu azidziwika kuti ndi awo. A Gondwe anabwerera ku Rumphi ndipo anatisiya kalekale. Ndimawasowa, ndipo zimandipweteka kuti sindinawauzepo chimene nsapato zawo zinandipulumutsako.

Chaka chatha ndinatenga holide ya masiku angapo. Tsiku lachiwiri, mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe anabwera pakhomo, akuoneka wamanyazi. «Anti, mukakhala pa holide muzitiuzako. Mwana wanga Chisomo dzulo anachedwa kusukulu. Ife timadzuka geti lanu likalira.» Geti limenelo limalira moipa, ndipo amuna anga akhala akunena kuti alithira oyilo. M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga, ndinavala, ndinatsegula geti, ndinapita kukagula buledi amene sitinkamufuna n'kubwerera. Oyiloyo ndinamubisa, ndipo mpaka lero amuna anga akumufunafuna.