Mpini wa Nkhwangwa ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene balani yofukizira fodya ya atate inapsa, kwathu kufupi ndi Nambuma. Kunali masana, dzuwa lili phwee. Atate analowamo kuti apulumutse fodya, denga linawagwera, ndipo sanatulukenso. Moto usanabuke, ine pochokera kuchitsime ndinaona munthu wovala chipewa cha mlaza akuchoka mwaliwiro kuseri kwa balaniyo. Nkhope sindinaione, ndipo ndinanena choncho kumene. Koma anthu anangomva za chipewa, pakuti a Chisale, amene anakangana ndi atate za malire a dimba, ankavala chotero.

Titameta maliro, amayi anafukula nkhwangwa ya atate m'phulusa. Mpini unali utapsa, kunatsala chitsulo chokha. Anachiponya pamapazi pa achimwene anga a Mateyu, mnyamata wamkulu kale, woimba bwino m'tchalitchi.

"Ikira mpini," anatero amayi. "Kumene ikupita ukukudziwa."

Kuyambira tsiku limenelo mantha anandilowa m'mafupa. Ndikamva kasemasema akugogoda kuseri kwa nyumba, ndinkatseka makutu. Ndinkaopa kuti mpini ukatha, achimwene adzapha munthu, kenako adzawamanga n'kukawapachika ku Zomba. Choposa apo, ndinkaopa maso anga omwe, poti ndiwo anayambitsa zonsezi.

Koma mpini sunkatha. Woyamba unang'ambika atatenthetsa chitsulo mopitirira poboolera, chonsecho makasu onse a pakhomo pathu ankaikira mipini ndi iwowo. Wachiwiri anati ndi wokhota. Wachitatu anausiya pansi mpaka chiswe chinaudya. Fodya wa anzathu anagulitsidwa, dzinja linayandikira, achimwene ali pa mipini. Anaonda, kuimba analeka, kukalapa kwa ansembe analekanso.

"Kodi ndinabereka mwamuna kapena mmisiri wa mipini?" ankatero amayi mokweza, kuti apamtondo amve. Apamtondo ankaseka.

Tikakhala awiri, achimwene ankandifunsa funso limodzimodzi. "Rozina, nkhope unaiona?"

"Iyayi, achimwene."

M'mawa wina, nyengo yothirira nazale, ndinapeza nkhwangwa ili ndi mpini watsopano wa muwanga, wosalala. Achimwene anandigwira pamkono n'kunditsogoza kudimba. Ndinayesa kukana, koma iwo sanandisiye. Tinapeza a Chisale atagwada pa nazale yawo, akuzula udzu, atatipatsa msana.

"Yang'anitsitsa msana uwo," anandinong'oneza. "Ndi womwewo?"

Ndinamva mkodzo ukutsika m'miyendo, koma manyazi ndinalibe nawo nthawi.

"Sindikudziwa, achimwene. Misana imafanana."

Anakweza nkhwangwa. Ndinaona mkono wawo uli m'mwamba, wosatsika. Pamenepo a Chisale anacheuka. Sanathawe, sanakuwe. Anangokhala pansi m'matope, manja ali gwa m'dothi.

"Phiri," anatero ndi mawu osasa, kuwatchula achimwene ndi mfunda umene mudzi wonse unkaitanira atate.

A Chisale sanavomere mlandu, sanaukanenso. Achimwene anaima nthawi yaitali, kenako mkono unatsika pang'onopang'ono. Tinabwerera kwathu. Tili pafupi ndi nyumba ndi pamene achimwene anatsegula pakamwa.

"Ukanati inde, ndikanatema. Kutema n'kamodzi, Rozina, koma munthuyo umamusenza mpaka kumanda. Ndipo iwe ukanamusenza nane."

Amayi sanawalankhulenso. Ankawadutsa ngati chitsa. Mvula isanathe, achimwene ananyamuka wapansi ndi amuna ena kukafuna ntchito ku Halale, ndipo sitinawaonenso. Amene anayatsa balani ija sitinamudziwe mpaka lero.

Nditakalamba, adzukulu anga ananditengera ku sewero la kusukulu kwawo. M'seweromo munali mnyamata wina amene anayenera kubwezera imfa ya mbale wake, koma ankangozengereza, lero ichi mawa icho. Anthu ankakuwa, "Wamantha iwe! Mubaye!" Ine ndinali pa benchi, ndikumupempherera chamumtima kuti azengerezebe.

Tsopano ndikumvetsa kuti munthu wotere saopa mdani wake. Amaopa kutema asanatsimikize, ndipo amaopa munthu amene iye mwini adzasanduke akatema. Achimwene anali otayika kale mbali zonse ziwiri: kupha kukanawatengera ku chingwe, kusapha kunawachotsa pakhomo pa mayi wawo. Anasankha kutayika okha, osatenga wina aliyense. Ine ndakalamba ndi manja oyera, ndipo sindikudziwa n'komwe kumene kuli manda a munthu amene anandisiyira manja amenewa.