Tepi ya a Rannie MacVarish

Effie ndi mwana womaliza wa a Rannie MacVarish ndi mayi Katie Belle, a ku Mabou, pachilumba pano, kumtunda kwa tchalitchi. Iyenso anabereka awiri mwa mwamuna wake, malemu Dougald: Moira, amene ndi namwino ku Halifax, ndi Allister, chitsirizira, kalipentala amene anamanga nyumba yake tsidya la msewu. Adzukulu alipo atatu, ana a Allister, onse akuthwa mitu, ndipo wamkuluyo amavina kale osayang'ana mapazi. Za kumtundu zimenezo.

Anthu amene anavinapo a Rannie akuimba atsala owerengeka. Mkati mwa sabata bamboyo ankakumba malasha, Loweruka n'kunyamula vayolini kupita kuholo, ndipo akayamba, ngakhale azimayi ogulitsa tiyi pakhomo ankasiya makapu. A wailesi anabwerapo ndi makina awo, iwo n'kuwabwezera pakhonde. Anati nyimbo ndi ya mapazi, wofuna kuimva abwere adzavine. Choncho pa zaka zawo zonse zamphamvu palibe chimene chinajambulidwa. Kenaka sitiroko inawaumitsa dzanja lamanzere, vayolini n'kukwera pamwamba pa kabati.

Inatsikanso kamodzi kokha, tsiku limene Allister anabatizidwa. Anthu atadzaza m'khitchini pochokera kutchalitchi, a Rannie analoza pakabati paja. Palibe anayerekeza kuwaletsa. Dougald anadina batani la wailesi ya kaseti mobisa, kuseri kwa mtanga wa buledi. Zala zinkalephera kufika pamalo pake, uta unkanjenjemera, koma phazi lawo linkagunda pansi osaphonya ngati kale. Chakumapeto khanda lija linalira, iwo n'kuimabe mpaka nyimbo inatha. Chaka chisanathe anawaika m'manda.

Tepi imeneyo Effie anaisunga m'chitini cha mabisiketi nthawi yonse imene ankasenda nkhanu kufakitale, ndi nthawi yonse imene ankaphikira ana kusukulu fakitale itatsekedwa. Iye saimba chida chilichonse. Chimene anatengera kwa bambo ake ndi khutu.

Khutu limenelo linapeza ntchito Moira atamugulira foni. Pa intaneti pali gulu la okonda nyimbo za vayolini, la anthu a pachilumba pano ndi ena amene anapita kukasaka ntchito ku Boston, ku Toronto ndi kuzitsime za mafuta ku Alberta. Lamulo lawo ndi limodzi. Lachisanu munthu mmodzi amaika nyimbo osatchula woimba, aliyense n'kupereka malikisi kuchokera pa imodzi mpaka khumi, ndipo Lamlungu woika uja amaulula dzina. Effie sanaperekepo oposa asanu ndi atatu kwa munthu aliyense, wamoyo kapena wakufa. Ankamutcha Effie Woumira, koma sankatseka sabata asanamve kuti wati chiyani.

"Inu mayi, kodi khumi mukusungira angelo?" anamufunsapo wina wa ku Alberta.

"Angelowo akhale kaye pansi ndimve phazi lawo," iye anayankha, ndipo mawuwo anayenda m'gulumo mwezi wonse.

Mkulu wa gulu ndi Hector Boyd, amenenso amasankha oimba m'magule a m'chilimwe kuholo. Ndi munthu wodzikhulupirira. Amati palibe woimba wa m'boma lino amene iye sangamuzindikire atatsinzina, ndipo akamwa pang'ono amasimba kuti ali kamnyamata anavinapo a Rannie MacVarish akuimba. Allister naye amaimba, ndipo amaimba bwino, tisamunamizire. Kwa zaka ndithu ankangozungulira Hector kuti amupatseko mpando pachisanja, Hector n'kumangoti, "Tiona, mphwanga."

Nyengo yozizira ili pakati, Allister anabwera kudzapempha tepi ija. Anati matepi akale amavunda, aisamutsire pakompyuta isanawonongeke.

"Imeneyi ndi ya m'nyumba," Effie anatero akumupatsa. "Siituluka pakhomo."

"Amayi, mumandiona ngati mwana?"

Lachisanu lina m'mawa Effie anakhala patebulo ndi tiyi wake, n'kutsegula foni. Woika nyimbo sabata imeneyo anali Allister. Anadina. Vayolini isanalire n'komwe anamva mpando ukukhukhuluzidwa, ndi kachifuwa ka mayi ake, kenaka phazi. Tiyi anazizira m'kapu.

Malikisi anali atayamba kale kugwa. Atatu. Anayi. Atatu. Wina analemba kuti mkuluyu akucheka chitsulo. Wina anati, "Mvetserani kumapetoko, ngakhale khanda likumupempha kuti asiye," anthu n'kuseka mpaka ku Toronto. Madzulo ake Hector anaika awiri, n'kuwonjezera kuti ameneyu si wa kuno, munthu wobadwira ku Mabou sangagwire uta chonchi ngakhale ataledzera.

Loweruka Allister anabwera kudzakokola chipale pakhomo. Effie anamuimirira pakhonde, wopanda ngakhale juzi.

"Ndinakuuza chiyani iwe?"

"Amayi, lowani muzizidwa."

"Ndinakuuza chiyani?"

Iye anazika fosholo m'chipale. "Ndimafuna adziwe kumene ndinachokera. Aliyense amangoti a Rannie, a Rannie, koma palibe anawamvapo. Ndimayesa amva phazi lija."

"Amva dzanja lakufa."

"Dikirani mawa. Ndikangotchula dzina, onsewa afuna poloŵa. Ndiwauza za sitiroko, ndiwauza kuti khandalo ndi ndani."

Effie anamuyang'ana. Mkwiyo unalipo, koma pansi pake panamera kanthu kena. Anaganiza za dzina la bambo ake likulembedwa ndi mdzukulu wawo pamaso pa anthu onsewo, ndi nkhope ya Hector akuwerenga. Analowa n'kumuphikira Allister mazira. Lamlungu anavala diresi lake labuluu popita ku Misa, ndipo pobwera sanavule n'komwe chikhoti, anangokhala pampando n'kutsegula foni.

Allister anali atalemba kale. Anati woimbayo sakumudziwa. Tepiyo anaitola m'katoni pa sitolo ya zinthu zakale m'tauni ya Sydney, pachilumba pompano, ndipo anangoiika kuti anthu asekeko. Pansi pake anaika malikisi ake: anayi, "chifukwa cha khama."

Effie anawerenga kawiri. Chimene chinachitika anachiona bwinobwino, sanafunikire womuuza. Kutchula dzina kukanakhala kuvula Hector pagulu, munthu amene anati anavina a Rannie akuimba, n'kuwapatsa awiri, n'kunenanso kuti si a kuno. Hector sakhululuka zotere. Mwana uja anaika agogo ake mbali ino, mpando wa kuholo mbali inayo, n'kusankha.

Pamenepo Hector analemba kuti, "Mayi Effie, sitinakumveni. Nthawi yatha koma inu timakutsegulirani. Mupereka angati kwa wocheka chitsulo?"

Effie analemba dzina la bambo ake lonse, chilembo ndi chilembo, ndi chala chimodzi. Linakhala pamenepo, likungodikira kudinidwa. Akadina, bambo ake ayera. Koma akadina, chilumba chonse chidziwa kuti Allister wa Effie ndi wabodza, anakana agogo ake masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ana ake atatu aja adzamva zimenezo pabwalo la sukulu. Mwana wako ndi wako ngakhale atakuponda pachilonda. Anafufuta.

M'malo mwake analemba nambala yokha: khumi.

Gulu linagwedezeka. Wa ku Alberta uja anafunsa ngati mdzukulu waseweretsa foni. Wina anati mayi aiwala kuvala kamakina ka m'khutu. Hector analemba mwaulemu wonyoza kuti tonse timakalamba, tiwalemekezebe chifukwa cha zimene anali. Effie anatseka foni. Kuyambira sabata imeneyo anthu anasiya kudikira mawu ake. Akapereka malikisi, wina ankaika kankhope koseka, n'kupitirira.

Lolemba masana Allister anafika ndi nkhuni zodzaza galimoto, n'kuyamba kusanja pakhoma osagogoda. Effie anatsegula zenera.

"Nkhuni ndili nazo."

"Izi ndi zouma bwino."

"Lowa."

Analowa, chipewa chili m'manja, n'kuima pafupi ndi chitofu ngati mlendo.

"Anayi," Effie anatero. "Chifukwa cha khama."

"Amayi, agogo anapita. Sakumva zimenezi. Ine ndili moyo, ndili ndi ana."

"Iwo sakumva. Ndikumva ndi ine."

"Mukanangopereka asanu bwezi zitatha. Khumi ija mwadzinyozetsa nokha."

"Ndakufunsa za khumi yanga? Tandiuza, mwana akulira m'tepimo anamutola m'katoni iti ku Sydney?"

Allister anayang'ana pansi. Anatulutsa tepi ija m'thumba la jekete n'kuiika patebulo mosamala, ngati dzira.

"Ndidzalemba dzina la agogo pagulu paja," anatero. "Ndipatseni nthawi. Hector atulutse kaye mayina a oimba a chaka chino."

Mayina anatuluka chipale chitasungunuka, ndipo la Allister linalipo. Effie anapita kugule woyamba. Ena ankati sapita, koma samudziwa amenewo. Mwana wake sangakwere pachisanja iye ali kunyumba. Anakhala pafupi ndi khomo, kachikwama kali pamiyendo. Allister anaimba mokoma, holo yonse inali pamapazi. Ndiye chapakati anasintha, n'kulowa m'nyimbo ija ya tsiku la ubatizo, yonse yathunthu, zala zikufika pamene za agogo ake zinkalephera. Anthu anavina mpaka matabwa kulira. Effie anagwira kachikwama mwamphamvu. Anati mwina ndi pano, mwina aima n'kunena pamaso pa onse.

Nyimbo itatha Hector anakwera n'kumumenya Allister paphewa moyamikira, chimkuzamawu chili chotsegula.

"Si ija ya nkhalamba ya m'katoni imeneyi? Waitsuka bwino, mphwanga."

Allister anaseka nawo. "Ndinangoichotsa dzimbiri," anatero, n'kuyamba ina.

Effie anadikira kuti gule athe, chifukwa sachoka mwana wake asanamalize. Potuluka, mdzukulu wake wamkulu uja anamugwira dzanja n'kumufunsa ngati bambo aimba bwino.

"Aimba bwino kwambiri," iye anayankha.

Kwa Moira Effie sananene chilichonse, kwa bambo mfumu ayi, ngakhale kwa anzake a kukwaya amene amamufunsabe za khumi ija. Allister naye wakhala mwana wabwino kuposa kale. Wakhoma denga la shedi, wasintha masitepe a pakhonde, nyengo ya nkhanu ikafika amabweretsa zazikuluzikulu. Effie amalandira, amathokoza, amamudyetsa. Sanamutsekerepo chitseko. Koma akamaliza kudya, iye akutenga chipewa, mayi ake amafunsa funso lomwelo, mosakweza mawu, ngati akufunsa za nyengo.

"Walemba?"

Poyamba ankati magule a m'chilimwe athe kaye. Atatha, anati Hector ali m'chipatala ndi bondo, si bwino kumukhumudwitsa ali chigonere. Hector anatuluka, akuyenda bwinobwino. Sabata yathayi Allister anaima pakhomo akumanga mabatani a jekete, n'kunena kuti ikangodutsa Khirisimasi.

"Ya chaka chiti?" Effie anafunsa.

Iye anamaliza kumanga mabatani. Anawapsompsona mayi ake pamutu, n'kuwoloka msewu.