Nyenyezi ya nambala ngati puloti

Nditangotumizidwa kukaphunzitsa sayansi ku Mavwere, ndinali ndi matenda anga a nyenyezi. Ndinali ndi telesikopu yakale yoimika pa miyendo itatu, ndipo foni ndinkaimangirira pamwamba pake. Ukalozetsa kunyenyezi, foniyo imakupatsa manambala osonyeza pamene nyenyeziyo ili kumwamba. Manambalawo umawalowetsa pa intaneti, m'nkhokwe ya akatswiri a zakuthambo, ndiye imakuuza dzina lake.

Tsiku lina dzuwa litangolowa, ndinakaimika chida changa kumalire a esiteti ya fodya, poti kunalibe mitengo yotchinga. Ine ndi pakamwa pangapa, manambala ndinkawawerenga mokweza. Potembenuka, ndinapeza ndazunguliridwa ndi matenanti, ena makasu m'manja, wina chikwanje. Mayo ine!

"Mukuyeza chiyani, achimwene?" anafunsa bambo wina wamtali, wa imvi.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Oyeza malo nawonso amabwera ndi chida cha miyendo itatu, nawonso amawerenga manambala, ndipo akachoka, anthu amasamutsidwa.

"Ndi nyenyezi, bambo. Ndine mphunzitsi," ndinatero.

"Ngati ndi nyenyezi, itchuleni dzina timve."

Ndinalowetsa manambala aja pa intaneti. Netiweki nayo inasankha nthawi yomweyo kuzungulirazungulira ngati galu wofuna pogona. Wachikwanje uja anasendera pafupi, mpaka ndinkamva fungo la fodya wamuwisi pa malaya ake. Ndinaganiza za amayi kwathu ku Mulanje, kuti uthenga wa maliro anga akaulandira bwanji.

Yankho linabwera. Tsoka ilo, nyenyezi zing'onozing'ono zambiri zilibe maina omveka ngati a anthu. Pafoni panangotuluka zilembo ziwiri ndi manambala otsatizana.

"Si imeneyo! Nambala ya puloti!" anakuwa mayi wina amene ankasuzumira paphewa panga. "Kumene tinachokera munda wathu anaupatsa nambala yotereyi, kenako tinathamangitsidwa!"

Ndinagwada pamzere wa fodya. "Bambo, chonde, musanandikhudze, ikani diso lanu apa."

Bambo a imvi aja anawerama, nasuzumira mu telesikopu nthawi yaitali. Anadzutsa mutu, nayang'ana kumwamba ndi maso okha, kenako anabwereranso pagalasi.

"Musiyeni, ndi nyenyezidi," anauza anzawo. Ndiye anandiyang'ana, natsitsa mawu. "Aphunzitsi, mukuti kanyenyezi kakang'onong'ono ako kanalembedwa kale, ndi malo ake omwe?"

"Eya, bambo."

"Ine ndakalambira m'fodya muno, ana anga onse anabadwira pano. Koma palibe pamene panalembedwa kuti malo anga ndi awa."

Ndinapinda miyendo ya chida changa. Anandiperekeza okha mpaka kumsewu, akuyenda pakati pa ine ndi wachikwanje uja.