Mauthenga Anga pa Kompyuta ya Eni Ake

Mwana wanga wamkazi atasankhidwa kupita ku koleji ya zauphunzitsi, kalata yomuitana inabwera pafoni panga, koma kusukuluko ankaifuna papepala. Ine ndimagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe, choncho nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira ku kashopu kena pafupi ndi depoti ya maminibasi, komwe amataipa makalata ndi kupanga fotokope. Mwini wake ndinkamudziwa bwino. Ndi wakwathu ku Nsanje, timapemphera mpingo umodzi ku Mbayani, ndipo mkazi wake amakhala benchi la kutsogolo kwanga.

"Musavutike n'kutumiza, mayi," anatero. "Ingolozani foni yanu apa."

Pagalasi la kompyuta panali kabokosi ka timadontho takuda. Anadina pena pake pafoni panga, ine n'kuloza, ndipo mauthenga anga onse anatulukira pakompyuta yake. Anasankha kalata ija, pepala linatuluka lotentha, ndinathokoza n'kubwerera kuntchito. Palibe anandiuza kuti chimene tatsegulacho chimafunika kutsekanso. Ndinkaganiza kuti foni ikalowa m'chikwama, zonse zalowa nayo.

Patapita miyezi, m'mawa wina ndili mu minibasi, mwana uja ananditumizira uthenga: "Amayi, ndili ndi pakati. Chonde musawauze ababa mpaka nditalemba mayeso. Ndauza inu nokha." Ndinauwerenga katatu. Kondakitala anaitana siteji yanga kawiri, ine osamva, ndinakatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi.

Zinandipweteka, sindinama. Koma pansi pa kupwetekako panali kanthu kena kondipatsa mphamvu: pa anthu onse, mwanayu anathamangira kwa ine. Ndinamuyankha kuti pakamwa panga ndatseka, alimbike mayeso, za bambo ake ndidzaziona ndekha nthawi ikakwana. Amuna anga ndi munthu wabwino koma wa mtima wapachala, amayamba kukalipa asanamve nkhani yonse.

Chinsinsi chija ndinachisunga ngati dzira. Foni ndinkaimanga kunsonga ya chitenje, kubafa ndinkapita nayo. Mng'ono wanga atandifunsa chomwe ndikuwondera, ndinati ndi malungo. Tsiku ndi tsiku tinkalemberana ndi mwana wanga: za kusanza, za sikelo, za mnyamata mwini mimbayo amene anayamba kuzemba, za mantha ake. Zinthu zimene sakanandiuza pamaso ankazilemba momasuka, ndipo chibadwire chake tinali tisanayandikanepo chomwecho.

Lamlungu lachitatu chilandirire uthenga uja, mapemphero a amayi ali mkati, mayi wina anapempherera "makolo amene ana awo apunthwa kusukulu". Ndinatsegula diso limodzi, n'kupeza maso angapo ali pa ine. Potuluka ndinaona mkulu wa mpingo atawakokera pambali amuna anga. Kunyumba sanavule n'komwe jekete. Anamuimbira mwanayo pomwepo, ndipo mawu amene anamunena sindingawalembe pano.

Madzulo ake anandiimbira mwanayo, mawu atasasa ndi kulira.

"Amayi, ndinauza inu nokha."

Ndinalumbira kuti sindinauze munthu.

"Ndiye wawauza ndani? Foni?"

Anadula. Mayeso analemba awiri okha, otsalawo anawasiya, n'kupita kukakhala kwa azakhali ake ku Kanjedza. Kwathu anakana kufika. Ine ndinatsala ndikudzifunsa ngati ndinalankhula kutulo.

Yankho ndinalipeza mwangozi. Abwana anga ananditumizira pafoni mndandanda wa nsalu zatsopano kuti ndikausindikize, ndipo ndinapita ku kashopu komwe kaja. Ndikumasula chitenje kuti nditulutse foni, mwini shopu anandiletsa uku akumwetulira.

"Isiyeni, mayi. Yanu ija ikadali yotsegula."

Anadina kamodzi. Pagalasi panabwera nkhope ya mwana wanga, pansi pake mawu aja onse, kuyambira "ndili ndi pakati" mpaka uthenga wanga wa dzulo lake wopempha kuti andiyankhe. Galasilo linali loyang'ana kukhomo. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu odikira fotokope.

Ndinatembenukira kwa mwini shopu.

"Achimwene, izi zakhala pano chiyambire tsiku lija?"

"Makasitomala odziwika timawasiyira, kuti akabweranso zisamachedwe," anatero ngati akundiuza za ulemu umene anandichitira.

"Ndiye mumawerenga?"

"Kuwerenga ayi. Uthenga ukalowa umangotulukira wokha pakonapa. Munthu uli ndi maso."

"Nanga kutchalitchi zinafika bwanji?"

Anakanda m'mutu. "Ndinangowauza mayi a kunyumba kuti tizikukumbukirani m'mapemphero. Ndinu anthu athu."

Mawu akuti "anthu athu" ndi amene anandimaliza. Akanakhala wakuba, ndikanadziwa pomuika. Koma uyu anakhala milungu itatu akumwa tiyi wake uku misozi ya mwana wanga ikumutulukira pakona, kenako n'kupita nayo kunyumba ngati ndiwo, ndipo mumtima mwake ankadziona ngati mkhristu wachifundo. Lamlungu lililonse ankandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa kuti kunyumba kuli bwanji, akudziwa kale kuposa amuna anga.

Ndinakalipa mpaka ogulitsa nthochi panja anasuzumira. Ndinamuuza kuti atseke pomwepo ine ndikuona. Anadina, kabokosi ka timadontho kaja kanabwerera, basi. Ntchito yake inali yomweyo, kudina kumodzi, kosatenga ngakhale nthawi yomezera malovu. Chimene chinandipsetsanso mtima n'chakuti pamzere paja panalibe wodabwa. Bambo wina wa tayi anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti, "Mayi, ena tikuthamangira kuntchito." Nditapatuka, iyeyo anatulutsa foni yake n'kuloza pakabokosi kaja.

Anthu ena nditawafotokozera anati kulakwa ndi kwanga, ndikanafunsa. Ndikanafunsa chiyani? Munthu amafunsa chimene akudziwa kuti chilipo. Telala akakuyeza m'chiuno sakalengeza kumsika, ndipo palibe amayamba wamulumbiritsa. Amene amadziwa makinawo ndi iyeyo, osati ine. Mpaka lero ndikadutsa pakashopu kaja ndimawoloka msewu, ndipo kutchalitchi ndinasintha benchi.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinakwera kupita ku Kanjedza. Mwana wanga ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba, mimba itayamba kuoneka. Ndinamufotokozera zonse, za kalata ya koleji, za kabokosi, za mkazi wa mwini shopu. Ndinkayembekezera kuti mwina alira, mwina andikumbatira. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni.

"Ndamva, amayi," anatero. "Si inu. Koma zachitika kale."

Anandikhululukira, ndikukhulupirira choncho. Timalonjerana, ndikamuyendera amandiphikira tiyi. Koma kulemberana kuja kunatheratu. Ndikamufunsa pafoni kuti ali bwanji, amayankha mawu awiri: "Ndili bwino."

Anachira mwana wamwamuna ine ndili kuntchito, ndipo ndinamva kwa azakhali ake aja, mlongo wa amuna anga, amene anadzera kusitolo pochokera kuchipatala. Anandionetsa chithunzi pafoni pawo: kamwana kofiira, kokutidwa m'nsalu imene ndinasankha ndekha pashelefu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, kasitomala akudikira ndi nsalu m'manja.

"Alamu, nditumizireni chimenechi," ndinatero.

Anayang'ana pansi, n'kubweza foni m'chikwama pang'onopang'ono.

"Pepani, alamu. Wandiuza kuti ndingokuonetsani, ndisakutumizireni."